TYSON ANAKALAMBA, KOMA ANTHU SALEKA KULIPIRA KUTI AMUONE

Usiku wa pa Cisanu, pa 15 November, 2024, anthu 72,300 anasonkhana m'bwalo la masewera la AT&T Stadium mu mzinda wa Arlington, ku Texas m'dziko la America. Khamu limeneli silingakwane m'bwalo lathu la National Heroes ku Lusaka, limene limalowa anthu 60,000. Ndalama za pakhomo zokha zinapitirira madola 18 miliyoni. A kampani ya Netflix, amene anaonetsa nkhonyayo pa wailesi za kanema ndi pa malamya a m'manja, analengeza kuti anthu 108 miliyoni pa dziko lonse anapenyerera, ndiko kuti kuposa kasanu ciwerengero ca anthu onse a m'Zambia monga anawerengedwa mu 2022. Kuno kwathu n'kuti kutaca kale pa Ciweru.

Anthu onsewa sanadzere nkhonya yolimbirana lamba wa ungwazi iai. Anadza kudzaona Mike Tyson, mwamuna wa zaka 58, wa ndevu za imvi, amene anali atakhala zaka 19 osamenya nkhonya yolembedwa m'mabuku, akulimbana ndi Jake Paul, mnyamata wa zaka 27 amene anatchukira pa intaneti asanayambe kubvala magolovesi. Pamene Paul anali kubadwa mu January 1997, n'kuti Tyson atatenga kale ungwazi wa dziko lonse, atautaya, atalowa m'ndende, atatuluka, atautenganso ndi kuutayanso kaciwiri.

Akulu a masewera a ku Texas anailola nkhonyayi, koma anafewetsako malamulo. Maraundi anali asanu ndi atatu cabe, iliyonse ya mphindi ziwiri m'malo mwa zitatu, ndipo magolovesi anali aakulu ndi ofewa kuposa amene zimphona zimabvala masiku onse. Ngakhale zinali tero, Tyson anangoonetsa ukali m'raundi yoyamba ndi yaciwiri. Pofika yacitatu miyendo inali italema. Anthu a nchito yowerenga nkhonya anapeza kuti pa mphindi 16 zonsezo iye anaponya nkhonya 97, ndipo zimene zinafika pa thupi la mnzace zinali 18 zokha, pamene za Paul zinafika 78. Anthu anayamba kukuwiza, ena ananyamuka oweruza asananene za wopambana. Kutatsala pang'ono kuti belu lomaliza lilire, Paul anatsitsa manja nawerama pamaso pa mkuluyo, ndipo pambuyo pace anauza atolankhani kuti sanafune kupweteka munthu amene panalibe cifukwa comupwetekera. Oweruza onse atatu anapatsa Paul cipambano.

Akulu anati tsabola wakale sawawa, ndipo usiku umenewo mwambiwu unapherezera. Tsono funso limene awerengi athu angafunse ndi lakuti: kodi anthu ambirimbiri otere sanadziwe kuti munthu wa zaka 58 sangathamange ndi mwana wa zaka 27? Anadziwa ndithu. Nyuzipepa zinalemba, madotolo anacenjeza, ngakhale nkhonyayo inasinthidwa tsiku kucoka pa 20 July cifukwa Tyson anadwala zilonda za m'mimba ali m'ndeke. Koma anthu anagulabe matikiti.

Ndiponso sikanali koyamba. Pa 28 November, 2020, ali ndi zaka 54, Tyson anamenya nkhonya yacionetsero ndi Roy Jones Jr, wa zaka 51, ku Los Angeles. Inali nthawi ya mliri wa Covid-19, m'bwalomo munalibe openyerera, koma nyumba zoposa 1.6 miliyoni zinalipira pafupi-fupi madola 50 iliyonse kuti zione pa kanema. Pa mtengo wa nthawi imeneyo, madola 50 anali kupitirira K1,000. Amuna awiriwo anakhalira kukumbatirana ndi kupuma mwawefuwefu, ndipo kunanenedwa kuti afanana mphamvu.

CIMENE ANTHU AMAGULA

Kuti timvetse nkhaniyi tiyenera kubwerera m'mbuyo, pakuti cimene wogula tikiti amalipira si mkulu wa imviyu, koma mnyamata amene iye anali kale.

Michael Gerard Tyson anabadwa pa 30 June, 1966, ku Brooklyn mu mzinda wa New York, ndipo anakulira m'komboni ya amphawi yotchedwa Brownsville. Anali mwana wamanyazi, wa mau aang'ono, wokonda kuweta nkhunda, ndipo iye mwini amafotokoza kuti ndeu yace yoyamba anamenya mnyamata wamkulu amene anamuphera nkhunda yace. Pofika zaka 13 anali atagwidwa ndi apolisi kambirimbiri cifukwa ca kuba ndi ndeu, mpaka anamutumiza ku sukulu yosungirako ana opulupudza ya Tryon. Kumeneko mlangizi wina, Bobby Stewart, amene kale anali womenya nkhonya, anaona mphamvu za mwanayo namutengera kwa nkhalamba ina ya ku Catskill, Cus D'Amato, mphunzitsi amene anali atasula kale ngwazi ziwiri, Floyd Patterson ndi José Torres. Amai ace a Tyson atamwalira iye ali ndi zaka 16, D'Amato ndiye anakhala womulera mwa lamulo.

Tyson ndi wamfupi pakati pa zimphona, msinkhu wace sufika mamita awiri monga ena, uli pa 1.78 cabe. D'Amato anasandutsa ufupiwo kukhala cida. Anamuphunzitsa kuika manja onse awiri pafupi ndi masaya, kugwedeza mutu uku ndi uku kosaleka, kuwerama ndi kulowa pansi pa mikono ya munthu wamtali, ndipo akafika pafupi, kumenya m'nthiti ndi kukweza nkhonya ku cibwano mwamsanga ngati mphezi. Anali kulowa m'bwalo wopanda mkanjo wonyezimira monga anzace, wopanda masokosi, atabvala kabudula wakuda ndi nsapato zakuda basi. Ambiri mwa olimbana naye anali kugonja ndi mantha belu lisanalire.

Anayamba nkhonya za ndalama mu March 1985. Nkhonya zace 19 zoyamba anapambana zonse mwa kugwetsa mnzace, ndipo 12 mwa izo zinatha m'raundi yoyamba. D'Amato anamwalira mu November 1985 asanaone cipatso ca nchito yace. Caka cimodzi pambuyo pace, pa 22 November, 1986, Tyson anagwetsa Trevor Berbick m'raundi yaciwiri natenga lamba wa bungwe la WBC ali ndi zaka 20. Kufikira lero palibe wina amene anakhala ngwazi ya zimphona pa msinkhu waung'ono wotere. Amene anaona cithunzi ca nkhonyayo saiwala m'mene Berbick anayesera kudzuka, nagwa, nadzukanso, nadzandira ngati woledzera kacasu, nagwanso, zonsezo cifukwa ca nkhonya imodzi. Mu 1987 Tyson anasonkhanitsa malamba onse atatu a nthawi imeneyo, ndipo mu June 1988 anamaliza Michael Spinks, munthu amene anali asanagonjepo, m'masekondi 91.

Zaka zitatu kapena zinai zimenezi ndizo nkhokwe imene Tyson wakhala akudyamo mpaka ukalamba. Anyamata amene anali kuthithikana pa wailesi ya kanema imodzi m'ma 1980, kapena kubwereka makaseti a vidiyo kuti aone nkhonya ya mphindi imodzi ndi theka, lero ndi amuna a zaka makumi asanu ndi mphambu, a nchito zao ndi ndalama zao m'thumba. Iwo akamva dzina la Tyson amakumbukira unyamata wao. Pakati pathu pamene, m'mudzi mukakhala munthu amene anali katswiri wa ng'oma kapena wa gule pa masiku ace, akangonyamuka kulowa m'bwalo, ngakhale msana utapindika, anthu amasiya zonse nathamangira komweko. Amai amaimba nthungululu asanaponde n'komwe. Sikuti abvina kuposa anyamata, koma pa kuponda kumodzi kapena kuwiri anthu amaonanso cimene anaona kale, ndipo kwa iwo n'cokwanira. Kusiyana kwace n'kwakuti wobvina wokalamba palibe amene amamumenya kumutu.

Zithunzi zakale zija sizinatayike. Zili pa intaneti, ndipo popeza nkhonya za Tyson zinali zazifupi, zimakwanira bwino m'timakanema ta pa lamya. Mwana wobadwa mu 2005 amamudziwa Tyson wa 1986 monga ngati anamenya dzulo.

NKHONYA IMODZI

Cifukwa cina cili m'cikhalidwe ca masewerawa. Wothamanga wa zaka 58 sangapambane mnyamata pa liwiro ngakhale mwa ngozi, ndipo wampira wa zaka zimenezo sangathe mphindi 90. Koma pa nkhonya, makamaka ya zimphona, munthu angathe kugonja maraundi onse, n'kupambana ndi nkhonya imodzi yokha. Aphunzitsi a nkhonya amanena kuti miyendo ndiyo imayamba kutha, kenaka mpweya ndi maso, koma kulemera kwa dzanja kumatsalira.

Ndipo pali umboni umene okonda nkhonya amaugwiritsa. Akulu ambiri kuno akumbukira usiku wa pa 30 October, 1974, pamene Muhammad Ali anagwetsa George Foreman m'raundi yacisanu ndi citatu ku Kinshasa, kwa anansi athu, dzikolo likali kutchedwa Zaire. Foreman yemweyo analeka nkhonya mu 1977 nakhala mlaliki, ndipo patapita zaka khumi anabwerera ali wonenepa, wadazi, anthu akumuseka. Pa 5 November, 1994, ali ndi zaka 45, anakumana ndi ngwazi ya zaka 26, Michael Moorer. Kwa maraundi asanu ndi anai Moorer anali kumusambitsa nkhonya, ndipo anali patsogolo pa mapepala a oweruza. M'raundi yakhumi dzanja lamanja la Foreman linafika pa cibwano, Moorer anagona cagada osadzuka. Patapita zaka 20 cigonjere ku Kinshasa, Foreman anakhalanso ngwazi.

Cinthu cotere cikacitika kamodzi, cimagulitsa matikiti kwa zaka makumi atatu. Aliyense amene anakhala pansi kudikira Tyson mu 2024 anali ndi kamau mu mtima kakuti, bwanji ikangofika imodzi? Makampani ena a juga ku America ananena kuti ambiri mwa obeca anaika ndalama zao pa Tyson, ngakhale akatswiri anali atanena poyera kuti mwai uli kwa Paul. Anthu anaiwala kuti pakati pa zaka 45 ndi zaka 58 pali mtunda wautali, ndiponso kuti Foreman anali atamenya nkhonya zambiri zotsatizana kwa zaka zisanu ndi ziwiri asanafike pa Moorer, pamene Tyson anali atangokhala.

MBIRI YOIPA NAYONSO IMAGULA

Pano pali cinthu cobvuta kucinena, koma n'coona. Kutchuka kwa Tyson sikunacepe pamene anagwa, kunakula.

Mu February 1990 ku Tokyo, James "Buster" Douglas, munthu amene palibe anamuyembekezera, anamugwetsa m'raundi yakhumi. Mu 1992 bwalo la milandu ku Indiana linamupeza wolakwa pa mlandu wogwirira mtsikana wa zaka 18, ndipo anagamulidwa kukhala m'ndende zaka zisanu ndi cimodzi, nakhalamo zitatu. Uwu si mlandu waung'ono, ndipo n'zomvetsa cisoni kuti m'maphokoso a malonda a 2024 unali kutchulidwa mwa apo ndi apo cabe. Koma atatuluka mu 1995, nkhonya yace yoyamba, yolimbana ndi munthu wosadziwika, Peter McNeeley, inagulidwa ndi nyumba zoposa miliyoni imodzi ndi theka. Inatha m'masekondi 89. Anthu anadandaula kuti aberedwa, koma pa nkhonya yotsatira analiponso.

Evander Holyfield anamugonjetsa mu November 1996. Pa kubwereza kwace, pa 28 June, 1997, Tyson analuma khutu la Holyfield mpaka kudula kacidutswa, nalumanso linalo, ndipo anacotsedwa m'raundi yacitatu. Anamulipiritsa madola 3 miliyoni ndi kumulanda cilolezo kwa nthawi yoposa caka. Munthu wina aliyense akadathera pomwepo. Koma mu January 2000, atapita ku Manchester ku England, matikiti anatha m'masiku owerengeka. Wolimbana naye, Julius Francis, anagulitsa malo a kunsi kwa nsapato zace kwa nyuzipepa ya Mirror kuti ilembepo dzina lace, poti aliyense anadziwa kuti mapazi amenewo adzaloza kumwamba. Anagwadi kasanu m'maraundi awiri. Mu June 2002, pamene Lennox Lewis anamugwetsa m'raundi yacisanu ndi citatu ku Memphis, nyumba pafupi-fupi 2 miliyoni zinalipira kuti zione, ndipo panthawiyo inali nkhonya yopindula koposa zonse zogulitsidwa mwa njira imeneyi.

Apa tiona kuti ogula ali mitundu iwiri. Ena amalipira kuti amuone akupambana, ena amalipira kuti amuone akulangidwa, kapena kuti aone cacilendo cimene acite lero. Wogulitsa tikiti safunsa kuti uli mbali iti.

Mu 2003 Tyson, amene anali atalandira madola oposa 300 miliyoni pa moyo wace, anakanena ku bwalo la milandu kuti cuma camuthera, ali ndi ngongole za madola oposa 20 miliyoni. Anagonja kwa Danny Williams mu 2004, ndipo mu June 2005 anakana kudzuka pa mpando itatha raundi yacisanu ndi cimodzi polimbana ndi Kevin McBride. Tsiku limenelo anabvomera yekha kuti mtima wa nkhonya unamucokera, anali kumenyera kulipira ngongole.

Ndipo m'zaka zotsatira anabadwanso mwa mtundu wina. Anaoneka m'filimu yoseketsa ya The Hangover mu 2009. Mu 2012 anaimirira yekha pa nsanja ku Broadway mu New York, m'sewero lokonzedwa ndi Spike Lee, kufotokoza moyo wace, za mankhwala osokoneza bongo, za ndende, za cuma cimene anamwaza. Anayamba kuceza ndi anthu ochuka pa intaneti, akulankhula mofatsa, nthawi zina akulira. Cirombo cija cimene makolo anali kuopsezera ana cinasanduka gogo wa nthano. Anthu amakonda nkhani ya munthu amene anagwa m'dzenje natulukamo, ndipo amene anatsata nkhaniyo kwa zaka 40 safuna kuphonya mutu wace wotsiriza.

AMALONDA

Koma tisaganize kuti khamu lija linasonkhana lokha ngati mbalame pa mapira. Linaitanidwa ndi anthu odziwa nchito yao.

Masiku ano nkhonya ili ndi mabungwe anai akuluakulu, WBA, WBC, IBF ndi WBO, lililonse ndi lamba wace, m'magulu a kulemera oposa khumi ndi asanu. Munthu wamba sangathe kutchula ngwazi zonsezo, ndipo ambiri sadziwa ngakhale imodzi. Kale, pa masiku a Ali, mwana wa ku Katete kapena ku Lundazi anali kudziwa kuti ngwazi ya dziko ndani. Tsono wamalonda amapeza kuti n'capafupi kugulitsa dzina limene anthu akulidziwa kale kusiyana ndi kumanga dzina latsopano, monga momwe wogulitsa mbeu amacitira ndi mtundu umene alimi anauzolowera.

Jake Paul anabwera ndi khamu lace lace. Iye anatchuka pa YouTube ndi timasewero ta acinyamata, ali ndi omutsata mamiliyoni ambiri, ndipo ambirinso amadana naye cifukwa ca matama. Mu 2020, pa usiku womwe uja wa Tyson ndi Jones, iye anamenya nkhonya yotsegulira nagwetsa Nate Robinson, amene kale anali wosewera basketball. Anaona ndi maso ace ndalama zimene dzina la mkuluyo limakoka. Kampani yace ya Most Valuable Promotions ndiyo inakonza nkhonya ya mu 2024. Cotero atate anadza cifukwa ca Tyson, ana anadza cifukwa ca Paul, ndipo ambiri a mbali zonse anadza ndi cikhumbo cimodzi, cakuti mkulu atseke pakamwa pa mwana wamwano.

Kwa miyezi yambiri anali kutulutsa timakanema ta Tyson akucita maphunzo, akumenya zikopa za m'manja mwa mphunzitsi wace mwaukali. Tinali ta masekondi ocepa cabe. Munthu wa zaka 58 wolimbitsa thupi angathe kuoneka woopsa kwa masekondi khumi, koma palibe anaonetsa m'mene anali kupumira pambuyo pace. Pa tsiku lopima thupi pa sikelo, Tyson anamenya Paul mbama pamaso pa atolankhani, ndipo cithunzico cinazungulira dziko lonse usiku umodzi. Cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere.

A Netflix nawo anali ndi colinga cao. Iwo sanalipiritse padera monga zinalili pa nkhonya zakale. Aliyense wolipira ndalama za pamwezi anali ndi ufulu woona, ndipo ici ndico cinacititsa kuti ciwerengero cikwere cotere, pakuti munthu amene sakadataya madola 50 anangotsegula kanema wace. Kampaniyo inafuna olembetsa atsopano ndiponso kuonetsa kuti ingathe kuulutsa masewera pamene akucitika. Anthu anacuruka mpaka makina analema, zithunzi zinali kuima-ima, ndipo madandaulo anali ambiri. Paul ananena yekha kuti adzalandira madola 40 miliyoni, ndipo nyuzipepa zinalemba kuti Tyson analandira ngati theka la ndalama zimenezo. Pa mphindi 16, kwa munthu amene anakhalapo wopanda kanthu, n'zobvuta kukana.

MTENGO WACE

Mwambo wodyera pa dzina la ngwazi yokalamba ndi wakale m'masewerawa. Joe Louis, amene anasunga ungwazi kwa zaka pafupi-fupi 12, anabwerera m'bwalo cifukwa ca ngongole ya msonkho wa boma, ndipo mu October 1951, ali ndi zaka 37, Rocky Marciano anamugwetsera kunja kwa zingwe. Muhammad Ali, dotolo wace Ferdie Pacheco atamusiya mu 1977 cifukwa cokana uphungu wakuti aleke, anapitirizabe. Pa 2 October, 1980, ali ndi zaka 38, anakumana ndi Larry Holmes, amene kale anali mnyamata womuthandiza pa maphunzo. Ali anangoima pa zingwe akulandira nkhonya mpaka mphunzitsi wace Angelo Dundee anaimitsa itatha raundi yakhumi, ndipo Holmes analira misozi atapambana. Ali anamenyanso ina mu December 1981 ku Bahamas, nagonja kwa Berbick uja. Mu 1984 anamupeza ndi matenda a Parkinson, onjenjemeretsa thupi, ndipo anakhala nao mpaka imfa yace mu 2016.

Tyson anaona nkhonya ya Ali ndi Holmes ali mwana wa zaka 14, ndipo amafotokoza kuti analonjeza kudzalipsira. Mu January 1988 anagwetsadi Holmes, amene panthawiyo anali ndi zaka 38, m'raundi yacinai. Cotero wamng'ono aliyense amakwera pa msana wa mkulu, mpaka naye tsiku lace lifike. Koma Marciano, Holmes ndi Tyson anali akatswiri enieni a nkhonya pamene anacita zimenezi. Catsopano m'masiku ano n'cakuti wokwera pa msanayo angathe kukhala munthu wa timakanema ta pa lamya.

Ifenso kuno tili ndi citsanzo cathu. Malemu Lottie Mwale, amene anthu anamutcha Gunduzani, anatengera dziko lino mendulo ya golide pa masewera a Commonwealth ku Christchurch mu 1974, natenga lamba wa Commonwealth mu 1979, ndipo mu November 1980 analimbirana lamba wa dziko lonse ndi Matthew Saad Muhammad ku San Diego, nagonja m'raundi yacinai. Iye anapitiriza kumenya mpaka m'ma 1990, atapitirira zaka 40, ndipo dzina lace linali kukokabe anthu. Anamwalira mu 2005 atadwala nthawi yaitali, ali ndi zaka zocepa kuposa zimene Tyson anali nazo pa usiku wa ku Texas.

Madotolo amafotokoza kuti munthu akamakalamba ubongo umacepa pang'ono m'kati mwa cibade, ndipo timitsempha ta magazi tolumikiza ubongo ndi cikuto cace timakokeka. Nkhonya imene mnyamata angaipirire ingathe kudula timitsempha timeneti mwa munthu wamkulu, magazi n'kuyamba kukha m'mutu. Pa cifukwa cimeneci pali mabungwe a boma opereka cilolezo, koma ku America cigawo ciliconse cili ndi bungwe lace, ndipo amalonda akakanizidwa kwina amasamukira kwina. Mu September 2021 a ku California anakana kulola Holyfield, naye ali ndi zaka 58, kumenyana ndi Vitor Belfort. Nkhonyayo anaisamutsira ku Florida, ndipo refali anaimitsa m'raundi yoyamba Holyfield atagwa kale, akulephera kudziteteza.

Za Tyson, zoona zace zinamveka nkhonya itatha. Iye mwini analemba kuti m'mwezi wa June caka comweco anatsala pang'ono kufa ndi zilonda za m'mimba zija, kuti anataya theka la magazi ace ndipo anamuika magazi kasanu ndi katatu m'cipatala. Patangopita miyezi isanu munthu ameneyu anali m'bwalo, bondo lamanja litamangidwa, pamaso pa anthu 72,300 amene ambiri a iwo sanadziwe zimenezi. Anati sadandaula, pakuti ana ace anamuona ataimirira mpaka belu lomaliza. Ife tiganiza kuti bungwe limene linamulola liyenera kuyamika Paul cifukwa ca kubweza dzanja, pakuti cinateteza mkuluyo usiku umenewo si lamulo iai, koma cifundo ca mnyamata, kapena nzeru zace za malonda. M'mabuku munalembedwa kuti Tyson wapambana nkhonya 50, mwa izo 44 mwa kugwetsa, ndipo wagonja 7.

Usiku womwewo, mkuluyo asanalowe, akazi awiri, Katie Taylor wa ku Ireland ndi Amanda Serrano wa ku Puerto Rico, anamenyana maraundi khumi molimbirana malamba enieni. Serrano anang'ambika pamwamba pa diso mitu itagundana, magazi ali cuucuu, koma sanabwerere m'mbuyo, ndipo Taylor anapambana ndi pointi imodzi yokha pa pepala la woweruza aliyense. A Netflix anati nyumba pafupi-fupi 50 miliyoni zinaona nkhonya imeneyo, zambiri mwa izo zili kudikira Tyson. Mu July 2025 akazi awiriwa anakumananso ku Madison Square Garden mu New York, pa usiku wa nkhonya za akazi okhaokha, maina ao ali pamwamba pa cikwangwani, ndipo Taylor anapambananso.